Chimphepo pa Wilibala

Ba Nsofwa, mayi wophunzitsa za utolankhani pa kakoleji kena ka m'tauni mu Lusaka, anagawa kalasi m'magulu a anthu atatuatatu, nalamula kuti gulu lililonse lipange magazini ya nyimbo ya masamba khumi ndi asanu ndi limodzi. Anawapatsa masabata atatu. Exildah Chilekwa wa ku Mtendere anagwera gulu limodzi ndi Kombe wa ku Matero ndi Maud wa ku Chawama, ndipo anzakewo anamusankha kukhala mkonzi asanamufunse n'komwe, poti mwa atatuwo ndiye yekha amene ankasunga nthawi.

Kombe anali munthu wa zilembo. Ankatha kuima kutsogolo kwa shopu ya eni ake n'kumadandaula kuti wolemba chikwangwani anapanikiza zilembo kumapeto. Laputopu yake inali yakale, batire linafa kalekale, moti malaiti akathima nayonso inkathima. Maud anabwereka kamera kwa amalume ake ojambula maukwati. Iyeyu sankadziwa kubisa mawu. Chinthu chikamunyansa, mwini wake ankamva tsiku lomwelo.

Lachisanu la sabata yoyamba anakaonetsa ba Nsofwa chikuto chongoyesera. Kombe anali atatola pa intaneti chithunzi cha galimoto yakuda yonyezimira, pambali pake pataima mwamuna wa magalasi akuda ndi unyolo m'khosi. Ba Nsofwa anayang'ana chikutocho, kenako atatuwo mmodzimmodzi.

"Iyi motoka munaipeza ku Chawama?"

"Ni chitsanzo chabe, ba Madamu," anatero Kombe.

"Chitsanzo cha kwa ndani? Ine nifuna magazini yamene muntu angatsegule mu basi ya ku Kanyama, apezemo bantu bamene aziba. Vithunzi mujambule mweka, nkhani mulembe mweka. Yambani futi."

Tsiku lotsatira anakumana m'tauni nakwera minibasi yopita ku Mtendere, kwawo kwa Exildah, kuti akakonze zonse bwinobwino. Dzina la magazini linali lisanapezeke. Kombe ankafuna lachingerezi, koma Maud ankati mayina onse amene iye ankatchula akumveka ngati a mankhwala a chifuwa. Ali mkati mokangana, m'basimo munayamba nyimbo ya ng'oma yothamanga, ndipo mayi wina wakumbuyo, beseni la vitumbuwa lili pamiyendo, anakuwa:

"Ba dalaiva, kwezaniko! Iyo ndiye nyimbo!"

Dalaiva anakweza. Kondakitala anayamba kumenya chitseko motsatira ng'oma, ndipo theka la basi linkaimba nawo. Kombe anawerenga pa zala.

"Kwezako. Vilembo seveni. Vikwana bwino pamwamba pa chikuto."

Ulendo uno Maud analivomera dzinalo. Kenako anafunsa kondakitala kuti woimbayo ndi ndani.

"Ni Chimphepo, wa ku Kanyama. Simumuziba?"

Exildah anaseka. Chimphepo ankamudziwa bwino. Dzina lake lenileni linali Eugene, mlongo wake wa Mainess, mnzake wa Exildah wa ku sekondale panthawi imene banja la Exildah linkakhala ku Kanyama. Mainess tsopano anali ndi saluni kumeneko. Exildah ankamukumbukira Eugene akuimba mu kwaya ya achinyamata, kolala itapindikira mkati.

Atafika kunyumba anayala mapepala khumi ndi asanu ndi limodzi pa simenti m'chipinda chochezera, pepala lililonse kuimira tsamba limodzi, nayamba kulemba ndi pensulo zoti zidzakhalepo. Chimphepo anapatsidwa chikuto ndi masamba anayi apakati. Kwaya ya amayi a ku Chawama, momwe amayi ake a Maud ankaimba besi ngati mwamuna, inatenga awiri. Kombe anapempha awiri a kasitudiyo kena ka ku Matero kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma. Exildah anati adzazungulira m'masiteshoni kufunsa makondakitala nyimbo khumi zimene okwera amapempha kwambiri. Ba Chilekwa, bambo ake a Exildah, analumpha mapepalawo kawiri popita panja ndi pobwera. Kachitatu anaima.

"Kalindula ili pa peji iti?"

"Kulibe, ba Tata."

"Magazini ya nyimbo, kalindula mulibe?"

Anawerama, natenga pensulo, nalemba okha pa tsamba la khumi ndi chitatu. Palibe amene anafufuta.

Madzulo omwewo Exildah anaimbira foni Eugene. Anavomera msanga, koma anaikapo mawu amodzi.

"Chikuto nizachiona ine poyamba. Ngati sinachikonde, simuzachifaka."

"Nalonjeza," anatero Exildah.

Anapangana zokajambula Lachitatu m'mawa. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo Lachiwiri mvula inagwa tsiku lonse. Atatsika basi ku Kanyama anapeza misewu yasanduka madambo, anthu akudumphadumpha pa miyala ndi pa matumba a mchenga. Maud anali atasankha kale malo ojambulira: khoma labuluu la chigayo china kuseri kwa msika, limene dzuwa la m'mawa linkaliwalira bwino. Koma pakati pa saluni ya Mainess ndi khomalo panali madzi ofiirira ofika pafupi ndi m'mawondo, ndipo njira yozungulira panalibe.

Eugene anatuluka mu saluni atavala zoyera zokhazokha: chipewa, jekete, thalauzi, ndi nsapato zoyera mbee. Amayi amene ankalukidwa tsitsi anamuimbira nthungululu. Anayenda monyadira mpaka m'mphepete mwa madzi, naima.

"Apa sinipita."

"Vula nsapato, upinde thalauzi," anatero Maud, amene anali atavula kale zake.

"Chimphepo ayende na mendo chabe pa bantu? Elo nsapato izi si zanga. Mwine wake akaonapo ka dothi olo kang'ono, nafa ine. Tiyeni mu tauni, muzanga ali na motoka yabwino, nizaimilila pambali pake."

Kombe anayang'ana pansi.

"Va motoka ba Madamu banakana," anatero Exildah.

Dzuwa linkakwera, ndipo Maud ankangoyang'ana kumwamba n'kumatsonya. Apo ndi pamene panatulukira ba Whyson, bambo wa imvi m'ndevu, atavala majombo, akukankha wilibala yawo yaitali yowotcherera zitsulo kutsogolo. Ntchito yawo inali yonyamulira amalonda katundu pamsikapo, ndipo anali atangotsitsa kumene matumba a makala.

"Ba Whyson!" anaitana Mainess ali pakhomo pa saluni, chipeso chili m'manja. "Tithandizeniko, muolotse uyu bwana wathu."

Ba Whyson anamuyang'ana Eugene kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Mbuzi nanyamulapo, filiji nanyamulapo. Woimba nikalibe."

Anakutumula fumbi la makala, Mainess nayalapo chitenge chake. Eugene anang'ung'udza pang'ono, anayang'ana uku ndi uku, kenako anakwera.

Poyamba anakhala mwaulemu wake, chibwano m'mwamba, manja atapinda pachifuwa. Atafika pakati, tayala linagunda mwala wobisika m'madzi ndipo wilibala inapendekera kumanzere.

"Mayo ine!" anakuwa Eugene, miyendo yonse iwiri ili m'mwamba, dzanja lina litagwira chipewa, lina litakakamira chitsulo.

Ba Whyson anaiwongola wilibala osasintha nkhope, ndipo pofuna kumulimbitsa mtima anayamba kumuimbira nyimbo yake yomwe ija ya m'basi, mawu ake akuwasokoneza onse. Amayi ogulitsa tomato tsidya lija anapolokezera. Eugene anayesa kukwinya nkhope, koma zinamukanika, naphulika kuseka. Maud anali kutsogolo kwawo, madzi ali m'mawondo, akuyenda chafutambuyo, chala chili pa kamera.

Atafika pa khoma labuluu, Eugene anatsika, anadzikonza, nabwezeretsa nkhope ya Chimphepo: tsinya pamphumi, zala ziwiri m'mwamba, maso kuyang'ana patali. Maud anamujambula kambirimbiri. Pambuyo pake Exildah anakhala naye pa benchi la pachigayo namufunsa mafunso. Anamva zimene ngakhale iye sankazidziwa: kuti masana Eugene amawotcherera mageti kwa mjomba wake, kuti mawu a nyimbo amamubwerera makina akulira, ndiponso kuti nyimbo yake yoyamba anaijambulira pa foni ya Mainess atalowa mu wadirobu pothawa phokoso la tambala wa aneba.

Lachinayi masana anakhala mu laibulale ya koleji, komwe kunali malaiti, nayamba kusankha zithunzi pa laputopu ya Kombe. Za pa khoma zinali zoyera bwino, koma zonse zinali chimodzimodzi.

"Aoneka monga bamuuza ati basi yomaliza yapita," anatero Maud.

Kenako anafika pa za m'madzi. Chimodzi chinawaimitsa onse. Eugene anali pakati, mano onse panja, nsapato zoyera zili m'mwamba. Kumbuyo kwake ba Whyson pakamwa pali yasa ndi nyimbo, mitsempha itatuluka m'mikono. Chapatali amayi atatu ankaomba m'manja. Kombe anachikoka n'kuchiika pa chikuto. Kumwamba kunali mitambo yotuwa yopanda kanthu, ndipo dzina lakuti KWEZAKO la zilembo zachikasu linakhalapo ngati malowo anachita kulisungira. Kumanzere, pa madzi, panatsala mpata wa mitu ya nkhani.

Exildah anachitumiza kwa Eugene pa foni. Sipanathe mphindi ziwiri, foni inalira.

"Awe. Awe, awe, Exildah. Bafana ba ku Chibolya bakachiona bazanipangila nyimbo. Nizankala Chimphepo wa pa wilibala mpaka kufa. Faka cha pa chipupa."

Anadula.

"Ni va sukulu chabe ivi," anatero Kombe motsitsa mawu, poti woyang'anira laibulale anali atawayang'ana kale kawiri. "Bazaona ni ba Madamu beka. Eugene sazaziba."

"Ninalonjeza."

"Ukafaka cha pa chipupa, zina yanga uchosepo," anatero Maud. Iyeyu mawu sanatsitse.

Exildah anagwira mutu. Chithunzicho ankachifuna ngati anzakewo, mwinanso kuposa, koma mawu anali atapereka ndi pakamwa pake. Anachiyang'ananso nthawi yaitali, ndipo anaona chinthu china chimene onse anachiiwala.

"Elo ba Whyson sitinabapemphe. Nabo bali pa chikuto."

Anagwirizana zopulinta zikuto ziwiri, cha pa wilibala ndi cha pa khoma, n'kupita nazo ku Kanyama Loweruka.

Anapeza madzi ataphwera, patatsala matope. Mu saluni munali modzaza, amayi ena akukonzekera ukwati wa masana. Eugene anali atakhala pampando wapakona, atavala ovolosi yake ya kuntchito. Exildah anamupatsa mapepala awiriwo, koma asanawagwire bwino Mainess anawatsomphola nawapereka kwa makasitomala ake.

Cha pa khoma chinayenda m'manja mwakachetechete.

"Uyu ni ndani?" anafunsa mayi wina wa marola m'mutu. "Aoneka monga baja bamene bafuniwa na ba polisi."

Cha pa wilibala chitangofika, mu saluni munabuka phokoso. Wina anagwetsa chipeso. Mayi wina wonenepa amene ankadikira kutsukidwa tsitsi anaimirira, chala chili pa pepala.

"Uyu ndine! Onani, na beseni yanga ya tomato! Mwandi nili mu magazini!"

Eugene anapinda manja, nayang'ana kudenga. Exildah anakoka kampando nakhala pafupi naye.

"Osamvela vokamba va bantu," anamuuza. "Nkhope ni yako. Ukakana, tizafaka cha pa chipupa, monga mwamene tinapanganilana."

Maud anamuponda chala, koma Exildah sanabweze mawu.

Mainess anali atatuma kale uthenga kumsika, ndipo posakhalitsa ba Whyson anaima pakhomo. Anakana kulowa ndi majombo amatope. Anapukuta manja pa thalauzi, nagwira pepala m'mphepete ndi nsonga za zala, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Wilibala yanga yaoneka bwino," anatero potsiriza.

"Mutilola kuti tichifake, ba Whyson?" anafunsa Exildah.

"Fakani. Koma zina yanga mulembe bwino. Pali h pambuyo pa W. Bambili bamaiwala."

Exildah analemba m'kabuku kake nawaonetsa, iwo nagwedeza mutu. Kenako anasuzumira mkati, naona Eugene ali ndwii pakona.

"Nanga uyu akwiila chani?"

"Ayopa kusekewa," anayankha Mainess.

"Kusekewa na ndani? Iwe mwana wanga, mu Kanyama muno ni ndani sanakwelepo apa? Ba pasita nabaolotsa. Mkwatibwi namuolotsa na velo yake, ba apongozi bake pambuyo. Bamene bazakuseka, manzi yakabwela ni bamene bamayamba kuniitana."

Anabweza pepala, nabwerera kumsika, poti kunali matumba a kabichi akuwadikira.

Eugene anatambasula dzanja. Mainess anamupatsa chikutocho. Anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachipendeketsa.

"Nsapato zaoneka," anatero.

"Zoyela mbee," anavomera Maud msanga. "Palibe olo ka dothi."

"Na jekete yankala bwino." Kenako analoza mutu wa nkhani umene Kombe analemba pa madzi paja, wakuti Nyenyezi ya ku Kanyama. "Ivi chosani. Nyenyezi siikwela wilibala. Mulembe mawu yanga."

"Yati bwanji?" anafunsa Exildah, pensulo ili kale pa pepala.

"Manzi yabwele, ise tiimba."

Kombe anayamba kuwerenga pa zala, nkhope itakwinyika.

"Yatalika. Yazafunika mizele ibili."

"Faka mizele ibili kansi," anatero Eugene, ndipo amayi a mu saluni anaimbanso nthungululu.

Sabata yomaliza inali ya liwiro. Malaiti anathima kawiri Kombe asanasunge ntchito, ndipo tsamba la kasitudiyo ka ku Matero analipanga katatu. Amayi ake a Maud anakana chithunzi choyamba cha kwaya chifukwa duku lawo linapendama, moti Maud anakajambulanso Lachitatu pa maphunziro a kwaya. Ba Chilekwa anatulutsa katoni ya makaseti akale pansi pa bedi, nakhala pampando kumuuza Exildah zoti alembe pa tsamba lawo la kalindula, ndipo ankamuimitsa pafupipafupi kuti awawerengere zimene walemba. Lachinayi anakapulinta makope atatu pa kashopu kena m'tauni, nawamanga ndi mawaya awiri pakati.

Lachisanu ba Nsofwa anatsegula magaziniyo pamaso pawo, cholembera chofiira chili m'manja. Anapeza kuti nambala 9 yalembedwa pa masamba awiri otsatizana. Anapeza kuti pa mndandanda wa nyimbo za makondakitala pali zisanu ndi zinayi m'malo mwa khumi. Pa tsamba la kalindula anawerenga mpaka pansi osalemba kanthu.

"Iyi analemba ni ndani?"

"Banatithandizako ba Tata," anavomera Exildah.

"Mubauze ati balemba bwino kuchila imwe bonse."

Anatseka, nayang'ana chikuto. Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa masamba onse, pakamwa pakugwedezeka ngati munthu wofuna kuseka m'tchalitchi. Magazini a magulu ena anawaunjika pa tebulo, koma iyi anaiika m'chikwama chawo. Zotsatira zitatuluka, gulu la Exildah linakhala lachiwiri m'kalasi, ndipo Maud anakhala sabata yathunthu osawapatsa moni a gulu loyamba.

Kope lachiwiri anapatsa Eugene, lachitatu ba Whyson, amene analikulunga mu pulasitiki naliika m'thumba la mkati mwa jekete. Atabwerera m'tauni ndi pamene anazindikira kuti eni ake atatuwo atsala opanda kope ngakhale limodzi.

Loweruka linalo anapita ku saluni ya Mainess, atamva kuti kope la Eugene likukhala kumeneko. Analipeza lili m'manja mwa mayi wina amene mutu wake unali m'makina oumitsira tsitsi. Makona a masamba anali atapindika kale, ndipo pa chikuto panali chidindo cha chala cha mafuta a tsitsi. Kombe anabuula ngati wapondedwa.

"Ba mayo, tingaioneko pang'ono?" anapempha Exildah mokweza, kuti amveke pa phokoso la makina. "Ndise tinaipanga."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa tsamba, nanyowetsa chala ndi malovu, natsegula tsamba lina.

"Pali laini," anatero. "Nikasiliza ine ni aba, bakasiliza aba ni baja ba pa khomo. Imwe nkalani pa benchi."

Anakhala pa benchi atatuwo mothithikana. Mainess anayang'ana mutu wa Maud, anapukusa wake, natenga chipeso.

"Bwela apa iwe. Poyembekeza nikukonzeko kumbuyo uku, kwaonongeka."